Dzanja la Zala Zinayi

Kwa zaka ziwiri ndinkajambula zitseko za ku Valparaíso
m'mamawa, ndisanatsikire ku ntchito kudoko,
n'kuziponya pa intaneti
ngati womwaza chimanga pabwalo lopanda nkhuku.
Pansi pa chithunzi chilichonse ndinkazika timipanda makumi atatu:
#kukongola #moyo #chikondi #ulendo #dzuwa,
mawu onenepa opanda fupa,
malaya omwe anthu miyandamiyanda anavala kale mpaka kuperepeseka.
Ondiombera m'manja anali asuweni anga awiri
ndi kampani ina yogulitsa mankhwala ochepetsa thupi.

Lachinayi lina kunagwa uthenga
wochokera kwa bambo Eleuterio Bañados:
"Ine sindiona. Imandiwerengera ndi foni.
Ikafika pa zanu imangoti 'chithunzi,'
kenako n'kuyamba kulavula: mpanda, mpanda, mpanda,
mpaka tiyi wanga kuzizira.
Kodi kuseri kwa mipandayo kuli chiyani, mwananga?"

Ndinakhala pansi pamasitepe, manyazi ali tho.
Ndinalemba kuti: chitseko chokongola.
Ndinafufuta.
Kukongola sungakupapase ndi manja.
Ndinalemba kuti: chitseko chabuluu.
Iwo anati: "Buluu ndinamuona komaliza ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Analipo wambiri. Uyu ndi wake uti?"

Choncho ndinakweranso phiri lija, thukuta kamukamu,
kukayang'ana chomwe ndinajambula osachiona.
Ndipo ndinalemba pang'onopang'ono, monga munthu wolondolera mlendo njira:

Chitseko chathabwa, buluu wake wa thambo mvula itangokata.
M'munsi penti inasupuka, pomwe nsapato zimagunda
munthu akabwera atanyamula katundu manja onse.
Chogogodera ndi dzanja lachitsulo,
koma chala chaching'ono chinathyoka.
Pa sitepe yachitatu pagona galu wachikasu, khutu limodzi lopindika.
Kumanzere wina wayanika masokosi asanu. Asanu, inde.

Timipanda ndinasiya titatu tokha:
dzina la mzinda, dzina la phiri, Cerro Cordillera,
ndi liwu loti zitseko.
Pansi pake panaoneka mbee, ngati m'nyumba mwa wosamuka.
Ndinaopa kuti palibe adzandipeze.

Panapita milungu itatu.
Usiku wina, sitima zikulira kunyanja,
mayi wina, Maite Quilodrán, analemba ali ku Malmö,
kumene dzuwa la Disembala limalowa anthu asanaweruke:
"Chala chimenecho ndinathyola ndine.
Ndi mwala. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
ndipo amayi anandithamangitsa mpaka pachikepe chotsikira kumsika.
Ndakhala ndikulemba dzina la phirilo m'bokosi lofufuzira
kuyambira pomwe mdzukulu wanga anandiphunzitsa,
n'kumangoona alendo atatembenuzira nkhope ku kamera.
Chithunzi chanu ndikanachipitirira.
Masiku athu chitsekocho chinali chofiira.
Ndaima chifukwa cha chalacho."

Sindinayankhe msanga.
Ndinayamba ndatsuka kapu yomwe inali yotsuka kale.

Masiku ano ndisanadine batani
ndimayamba ndadzifunsa:
wina atatseka maso, ndingamuuze chiyani?
Nanga amene akufunafuna ichi usiku, kutali,
akulemba liwu lanji ndi chala chonjenjemera?
Si "kukongola." Palibe amasowa tulo kufunafuna "kukongola."
Amafuna msewu, chaka, mtundu wa galu,
dzina lomwe amayi ake ankatchula pomutuma buledi.

Onditsatira sanachuluke kwenikweni.
Kampani ya mankhwala ija inanditaya.
Bambo Eleuterio amawerenga chilichonse,
ndipo sakhutira msanga.
Dzulo ndinaika chitseko chomwechija, dzuwa likupendeka,
ndinafotokoza mthunzi, dzimbiri pa mahinjesi,
mphika wa maluwa womwe wabwera kumene.
Patangotha mphindi zinayi foni inanjenjemera:

"Zonsezo ndamva.
Galu uja ali kuti?"